CD yapita, koma pa mlandu wake ndi mbale za galamafoni, iyo ndiyo inali ndi mfundo

M'chaka cha 2020 kampani ya Pioneer DJ inatulutsa CDJ-3000, makina oimbira nyimbo a ma DJ amene lero akupezeka m'makalabu akuluakulu ambiri padziko lapansi, ndipo makinawo anabwera opanda polowetsa CD. M'chaka chomwecho bungwe la RIAA, lomwe limaimira makampani a nyimbo ku America, linalengeza kuti ndalama zochokera ku malonda a mbale za galamafoni zaposa za ma CD koyamba chichokereni zaka za m'ma 1980, ndipo pofika 2022 mbale zinaposa ma CD ngakhale pa chiwerengero, popeza zinagulidwa pafupifupi 41 miliyoni pomwe ma CD anali 33 miliyoni. Okonda mbale akhala akutenga ziwerengerozi ngati chigamulo cha mlandu umene unavuta pakati pa ma DJ kwa zaka zoposa 20, wakuti chida choyenera kusakanizira nyimbo ndi chiti. Ine ndikuona kuti chigamulocho n'cholakwika. Ogula mbale masiku ano ambiri ndi omvera nyimbo kunyumba ndi osunga zinthu zakale, osati anthu ovinitsa gulu usiku wonse, ndipo tikayang'ana pamalo pamene DJ amaimirira, njira imene CD inabweretsa ndiyo ikulamulira ngakhale kuti kambale konyezimirako kanatha ntchito.

Ntchito ya DJ ndi yoti gule asazizire. Nyimbo imodzi ikamapita kumapeto, iye amakhala akumvetsera ina m'mahedifoni, kuikoka kapena kuikankha pang'ono mpaka kugunda kwa ng'oma zake kufanane ndendende ndi kwa imene ikumveka m'masipika, kenako n'kuilowetsa mwakachetechete kuti wovina asataye phazi. Francis Grasso, yemwe ankavinitsa anthu pa kalabu ya Sanctuary mumzinda wa New York chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndiye amatchulidwa kawirikawiri kuti anakhazikitsa lusoli, ndipo ankalichita ndi mbale chifukwa panalibe chinanso chochitira.

Pamenepa tiyenera kupereka ulemu kumene ukuyenera. Luso lonse la DJ linabadwira pa mbale, ndipo linakula chifukwa cha galamafoni imodzi, Technics SL-1200, yomwe kampani ya Matsushita ya ku Japan inatulutsa mu 1972 n'kuikonzanso mu 1979. Mota yake imazunguza mbale mwachindunji popanda lamba, choncho munthu amatha kuigwira, kuibweza m'mbuyo ndi kuisiya, iyo n'kubwerera msanga pa liwiro lake. Ndipo mtundu wa 1979 unali ndi kotsetsereka kowonjezera kapena kuchepetsa liwiro ndi 8 peresenti. Pa 11 Ogasiti 1973, DJ Kool Herc, mnyamata wobadwira ku Jamaica, anavinitsa anthu pa nyumba ya 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, ndipo iye ndiye anatchukitsa njira yotenga mbale ziwiri za nyimbo imodzimodzi kuti azibwereza kagawo kamene ng'oma zimalira zokha. Grandmaster Flash anainola njirayo mpaka kagawoko kanayamba kubwerera popanda kuphonya kugunda ngakhale kumodzi, ndipo Grand Wizzard Theodore anasandutsa phokoso la singano yokwechesa pa mbale kukhala choimbira pachokha. Zonsezi zinatheka chifukwa nyimbo inali pansi pa chala. Ngakhale maso ankathandiza, poti munthu akayang'anitsitsa mbale pa kuwala amaona pamene timizere tathinana ndi pamene tamasuka, n'kudziwa malo amene nyimbo yafatsa ndi amene yaphulika asanaike n'komwe singano.

CD itafika mu 1982, kuchokera ku mgwirizano wa Sony ndi Philips, inalibe chilichonse mwa zimenezi. Munthu ankailowetsa m'bokosi n'kudina batani, osaionanso kapena kuikhudza. Ngakhale CDJ-500 ya 1994, yomwe inkalola kusintha liwiro ndi kusunga poyambira, inali isanalole dzanja kugwira nyimbo ngati pa mbale. Choncho ma DJ amene ankanyoza CD m'zaka za m'ma 1990 sankalakwa, chifukwa chidacho chinali chisanakhwime. Vuto ndi lakuti ambiri a iwo anapitiriza kunena zomwezo chidacho chitasintha.

Kusinthako kunachitika mu 2001, pamene Pioneer inatulutsa CDJ-1000. Pamwamba pa makinawo panali gudumu lalikulu lomva kukhudza kwa dzanja: ukaligwira nyimbo inkaima, ukalibweza inkabwerera ndi phokoso lija la mbale, ukalisiya inkapitiriza. Akatswiri a Pioneer anatsanzira dzanja la woimba mbale, ndipo atalitsanzira anawonjezapo zinthu zimene mbale singathe. DJ ankatha kusunga malo angapo m'nyimbo n'kulumphirako ndi batani limodzi, kubwereza kagawo kosalekeza popanda kugula mbale yachiwiri, ndiponso kuthamangitsa nyimbo mawu a woimba osasanduka a mwana, zomwe pa galamafoni sizipeweka chifukwa liwiro likakwera mawu nawo amakwera. M'zaka zochepa makinawa anadzaza m'makalabu a ku London, Ibiza ndi Johannesburg, ndipo eni makalabu sanawagule chifukwa chotengeka.

Otsutsa amathamangira kunena kuti mbale imamveka bwino. Mfundoyi ndiyo yotchuka kwambiri, koma ndiyonso yofooka kuposa zonse. CD imasunga mawu powayeza ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo kusiyana kwa mawu otsikitsitsa ndi okweretsetsa amene ingasunge kumafika madesibelo pafupifupi 96, kuposa kwambiri zimene mbale imakwanitsa. Wodula mbale, mmisiri amene amalemba timizere ta nyimbo pa mbale yoyambirira, amakakamizika kusonkhanitsa besi pakati, osaigawa kumanja ndi kumanzere, kuopa kuti singano ingadumphe. Nyimbo ikamayandikira pakati pa mbale mawu opyapyala amayamba kuwonongeka chifukwa singano imayenda mtunda waufupi pa sekondi iliyonse. Ndipo kuimba kulikonse kumadya timizere pang'ono, makamaka poyambira nyimbo pamene DJ amabwezabweza singano, mpaka pamalopo pamatsala kaphokoso kosachoka. Kukoma kumene anthu amakumva pa mbale kulipodi, koma kumachokera ku kupindika pang'ono kwa mawu ndi ku dzanja la mmisiri wodula, ndipo munthu akajambula mbaleyo bwino n'kuiika pa CD kukomako kumatsatira. Ma CD ambiri amene ankamveka moipa m'makalabu anali odzazidwa ndi ma MP3 ofinyidwa mopitirira muyeso, ndipo kumeneko kunali kusasamala kwa wobena, osati chilema cha CD.

Komanso kalabu si chipinda chochezera. Singano ndi kachinthu kopepuka kamene kamamva kugwedezeka kulikonse, choncho besi ya masipika akuluakulu ikagwedeza tebulo imabwerera m'singano n'kuyambitsa kulira kosokosa, ndipo wovina akadumpha pafupi nyimbo imalumpha. N'chifukwa chake makalabu olemekeza mbale amakhazika magalamafoni pa konkire kapena pa malamba a mphira, zinthu zimene mwini holo wamba sachita. Mbale imapindika ikasiyidwa m'galimoto padzuwa, ndipo fumbi ndi mdani wake. Palinso kulemera: mbale 100 za mainchesi 12 ndi zikuto zake zimafika makilogalamu pafupifupi 20, ndipo poti mbale ya m'kalabu nthawi zambiri imakhala ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri mbali iliyonse, katundu yense uja ndi nyimbo mazana ochepa chabe. CD imodzi imatenga mphindi 74 mpaka 80, ndipo kachikwama ka ma CD 100 kamalowa nawo m'ndege popanda kukangana ndi woyeza katundu.

Koma zonsezi ndi zazing'ono poyerekeza ndi funso limene ine ndimaliona lalikulu, lakuti ndani amene nyimbo yake imatha kufika pa bwalo lovinira. M'nthawi ya mbale, mnyamata wopanga nyimbo m'chipinda chake anali ndi zipata zambiri zoti adutse. Ankafunika mmisiri wodula, fakitale yosindikiza imene sivomera kupanga mbale zochepa, kampani yogawa, ndi sitolo yovomera kuisunga, ndipo aliyense wa amenewa ankafuna ndalama kapena kudziwana. Njira yachidule inali kudulitsa mbale imodzi yokha yapadera, ya chitsulo chopakidwa utoto wofewa, monga ankachitira eni zokuzira mawu a ku Kingston ndiponso ma DJ a nyimbo za jungle amene ankafola pa malo odulira mbale a Music House ku London m'zaka za m'ma 1990. Mbale yoteroyo inali yodula, ndipo inkayamba kutha itangoimbidwa maulendo makumi angapo. Zotsatira zake zinali zakuti nyimbo zatsopano zinkazungulira pakati pa anthu ochepa odziwana, ndipo chinsinsi chinali mbali ya malonda. Kale m'zaka za m'ma 1950 Coxsone Dodd ndi Duke Reid, eni zokuzira mawu a ku Kingston, ankapala mapepala a pa mbale zimene ankagula ku America kuti opikisana nawo asadziwe dzina la nyimbo, ndipo ma DJ a madansi a Northern Soul ku England ankamata mayina abodza pa mbale zawo ndi cholinga chomwecho. Masiku ano nkhanizi zimakambidwa mosangalatsa, koma tanthauzo lake ndi lakuti ukulu wa DJ unkayezedwa ndi zimene ali nazo zomwe anzake sangazipeze.

CD yobena inagwetsa zipata zimenezi. Nyimbo yomalizidwa pa kompyuta madzulo inkatha kumveka m'kalabu usiku womwewo, wopangayo ataima pakona n'kumaonerera ngati anthu akuvina, ndipo besi ikakhala yochepa ankakakonza m'mawa n'kubenanso. Palibe kusintha kwina m'mbiri ya DJ kumene kunatsitsa mtengo wolowera chotero. Ndipo amene amati izi zinaphwanya mwambo aiwala kuti makolo a mwambowo sanali omangika ku mbale. Frankie Knuckles, pa kalabu ya Warehouse ku Chicago kumene anayamba mu 1977, ankaimba nyimbo zimene zadulidwa ndi kulumikizidwanso pa tepi ya mawilo awiri, ndipo pambuyo pake anayamba kuwonjezera makina oimba ng'oma pansi pa nyimbo. Iye ankafuna chilichonse chimene chikanavinitsa anthu.

Kumwera kwa Africa nkhaniyi imaoneka bwino kuposa ku Ulaya. Ku South Africa nyimbo za house zinkafika pa mbale zoitanitsa kunja, zodula, zogulidwa m'masitolo ochepa a ku Johannesburg, ndipo zinafalikira m'makomboni ndi m'mateksi pamene ma DJ monga DJ Fresh, Oskido ndi Vinny Da Vinci anayamba kutulutsa ma CD a nyimbo zosankhidwa ndi zosakanizidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Gqom ya ku Durban ndi amapiano a ku Gauteng, zomwe lero zikuvinidwa ku London ndi ku Berlin komweko, zinakula popanda kudutsa pa fakitale ya mbale; zinayenda pa mafoni, pa mafulashi ndi pa intaneti, kutsata msewu umene CD yobena inalambula. Kuno ku Malawi oimba amene anatulutsa mbale ankadalira mafakitale a kunja, ndipo nyimbo zathu zambiri zinafalikira pa makaseti, ogulitsidwa m'malo monga kwa O.G. Issa ku Limbe, kenako pa ma CD. Munthu amene anganene kuti DJ weniweni ndi woimba mbale yekha ndiye kuti akunena kuti nyimbo za Lucius Banda kapena za Black Missionaries sizoyenera kuvinidwa m'manja mwa DJ weniweni, popeza anthu anazidziwira pa kaseti ndi pa CD.

Aliyense amene anakhalapo pa perekaniperekani wa ukwati amadziwa zimene DJ wathu amakumana nazo. Woyendetsa mwambo akuitana akuchimuna, ndipo iwo akufuna nyimbo yawo. Pasanathe mphindi ziwiri aitana anzake a mkwatibwi a kuntchito, amene anena kale kuti popanda nyimbo yakutiyakuti sanyamuka pa mipando. Kenako amayi a mvano, kenako achinyamata, ndipo pakati pa zonsezi mawu ayenera kutsika kuti chilengezo chimveke n'kukweranso ndalama zisanasiye kugwa m'lichero. DJ amakhala pa katebulo kogwedera pansi pa tenti, fumbi likuuluka, jenereta ikulira kuseri, ndipo wina wangomupatsira foni kuti aike nyimbo imene yatuluka sabata yomweyo. Imeneyi ndi ntchito yofuna kuwerenga gulu mwachangu kuposa kalabu iliyonse imene DJ amaimba mtundu umodzi wa nyimbo kwa maola awiri, ndipo palibe galamafoni imene ingaikwanitse. Nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo bokosi limodzi la mbale silingachezere ukwati wa mitundu inayi ya alendo.

Sindikunena kuti palibe chimene chinatayika. Munthu wonyamula mbale 80 zokha ankakakamizika kusankha asanachoke panyumba, ndipo poti iliyonse anaigula ndi ndalama zowawa, ankaidziwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamene mawu amalowa, pamene ng'oma zimapuma, ndi nyimbo ina imene imagwirizana nayo. Kusowa kunkamuphunzitsa. DJ wa masiku ano amatha kukhala ndi nyimbo zikwi zambiri zimene sanazimvetsere mpaka kumapeto, maso ali pa kanema wa makina m'malo moyang'ana ovina, akudalira nambala ya liwiro ndi batani lofananitsa lokha, ndipo makinawo akalakwitsa kuwerenga ng'oma, monga amachitira pa nyimbo zoimbidwa ndi anthu pamanja zimene liwiro lake limasinthasintha, iye amasowa pogwira. Imeneyi ndi mfundo yoona, ndipo ndiyo yokhayo ya okonda mbale imene imandigwira mtima. Koma ndi mfundo yonena za khalidwe la munthu. Palibe chomuletsa kuika nyimbo 80 zokha pa fulashi, kuphimba nambala ija ndi kapepala, n'kuphunzira kufananitsa ndi khutu, ndipo aphunzitsi ambiri a ma DJ amachititsa ophunzira awo zomwezo pa makina a digito.

Chinanso chimene chinatayika ndi ndalama za oimba. Mbale inali yovuta kukopera, choncho DJ aliyense wofuna nyimbo ankaigula, ndipo makampani ang'onoang'ono a nyimbo zovina ankakhalira malonda amenewo. Ma DJ atasamukira ku CD yobena, masitolo ambiri a mbale anatseka. Kwathu kuno kubena mopanda chilolezo kunapha malonda a zimbale, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo, lakhala likulimbana nako kwa zaka zambiri. Zimenezi n'zoona, koma mankhwala ake ndi kulipira eni nyimbo, osati kubwezera nyimbo m'chotengera chimene anthu ochepa okha ndiwo angachifikire.

Umboni womaliza unachokera kwa akatswiri okwechesa mbale eni ake, amene anali omaliza kugonja. Final Scratch itatuluka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kenako Serato Scratch Live ya ku New Zealand mu 2004, ambiri a iwo anailandira njirayi ndi manja awiri. Pa njirayi galamafoni imakhalapo, singano imakhalapo, koma mbale imene ikuzungulira ilibe nyimbo; ili ndi kalikhweru kamene kamauza kompyuta liwiro ndi kumene dzanja likulowera, ndipo nyimbo yeniyeniyo ikuchokera pa laputopu. Mu 2011 mpikisano wa DMC, umene unayamba ku London mu 1985 ndipo ndiwo wolemekezeka kwambiri pa lusoli, unaloleza njirayi. Anthu amene ankadziwa mbale kuposa wina aliyense anasunga kukhudza kwake n'kutaya mawu ake, ndipo zimenezi zikusonyeza chimene ankachikonda kwenikweni.

Lero kuimba ndi mbale ndi chinthu cha anthu opeza bwino. Panasonic, yomwe ndi Matsushita ija itasintha dzina, inasiya kupanga SL-1200 mu 2010 chifukwa malonda anali atatsika, ndipo itaibweza mu 2016 inayamba ndi mitundu yodula yolunjika kwa omvera kunyumba, mtundu wa ma DJ n'kudzabwera mu 2019. Mu February 2020 moto unawononga fakitale ya Apollo Masters ku California, imodzi mwa ziwiri zokha padziko lonse zimene zinkapanga mbale zofewa zodulirapo, ndipo m'zaka zotsatira makampani ang'onoang'ono ankadikira miyezi yambiri pa mzere wa mafakitale odzaza ndi maoda a oimba otchuka. Madansi a mbale zokhazokha amene amachitika ku Berlin kapena ku London alibe cholakwa, ndipo kuonerera munthu waluso akugwira magalamafoni atatu n'kosangalatsa. Cholakwika chimayamba pamene mwambowo ukusandutsidwa muyeso woyezera DJ wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, amene kuti apeze mbale imodzi ayenera kulipira mtengo wake, wotumizira ndi msonkho, pa nyimbo imene anthu ake sakuifuna n'komwe.

Pali malo amodzi pamene galamafoni ikufunikabe kwa DJ wa kuno, ndipo ndi pa nyimbo zakale zimene sizinatulukepo mwa njira ina. Magulu a Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia za m'zaka za m'ma 1970, monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, anayamba kumvekanso padziko lonse chifukwa anthu anafufuza mbale zawo zakale, ndipo kampani ya Now-Again ya ku America inatulutsanso nyimbo zambiri mwa zimenezi. M'masutikesi ndi m'makabati a m'nyumba zathu mudakali timbale tating'ono tozungulira ka 45 pa mphindi ta oimba a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe timene sitinajambulidweponso. DJ amene watipeza atitsuke, agule singano yatsopano, atijambule kamodzi mosamala m'kompyuta popanda kufinya mawu, ndipo ku dansi apite ndi chojambulacho. Kambale kenikeniko katsale kunyumba, koimiritsidwa chilili m'chikuto chake pamalo opanda dzuwa, chifukwa mwina ndi kokhako kamene katsala, ndipo usiku umodzi wa singano yolemera pa tebulo logwedera ukhoza kukadya timizere timene palibe fakitale ingatibwezeretse.